Phiri la Maola Awiri

Amalawi a ku Manassas, ku America, ankamuseka Ludoviko Namakhwa, ndipo kunena chilungamo, chosekera chinalipo. Munthu wamkulu, zaka makumi asanu n'kuposa, imvi zili mbuu, wobadwira ku Phalombe kumene anthu amathamangira bulangeti kukangoomba kamphepo ka chiperoni, koma Loweruka lililonse la nyengo yozizira ankamangirira matabwa awiri pamwamba pa galimoto n'kupita kukatsetsereka pa chipale. Eni dziko masewerawa amati siki. Anzake a kutchalitchi ankangoti misala ya a Namakhwa.

Amene ankaseka kwambiri anali a ku ofesi ya kazembe, aja a masuti osalala, poti ena mwa iwo anaonako mapiri enieni a ku Ulaya. Iwowa sankaseka masewerawo, ankaseka phirilo. Ludoviko ankapita ku kaphiri kena kongolowa pang'ono mu Pennsylvania, ulendo wa maola awiri. Chipale chake chambiri chinali chopopera ndi makina, m'mawa chouma ngati simenti, masana phala lokhalokha. Ukatsika kuchokera pamwamba, mphindi zitatu wafika. "Chulu chimene chija," ankatero. Sankadziwa kuti munthuyu phiri lakelo anachita kuliyeza ndi ulusi pamapu, ndipo ankayeza moyo wa mkazi wake Enelesi.

Koma tiyambe ndi kumene matendawa anawatenga, a sikiwa. Mu 1981 boma linamutumiza ku Bonn, ku Jeremani, kukakhala dalaivala wa ku ofesi ya kazembe. Chaka ndi chaka bwana wake ankatenga banja kupita kumapiri a ku Austria, ndipo ntchito ya Ludoviko inali kuwafikitsa, kenako kudikira m'galimoto tsiku lonse, injini ikulira kuti asaume. Pamalopo panali mkulu wina wobwereketsa matabwa, dzina lake Alois, amene anatopa n'kuona munthu atakhala ndwii m'galimoto ngati katundu woiwalika. Tsiku lachitatu anagogoda pawindo, anamuveka nsapato zolemera ngati njerwa, n'kumukankhira pa kamtsetse ka ana. Ludoviko anagwa kakhumi, anadzuka kakhumi, ndipo pofika madzulo zinali zitamulowa m'magazi.

Chimene ankakondera masewerawa sankatha kuchifotokoza bwino. Ankangoti moyo wake wonse wakhala akuyendetsa anthu kupita kumene iwo akufuna, koma pa chipale palibe wokhala kumpando wa kumbuyo.

Mu 1987 anamusamutsira ku Washington. Zinthu zitasintha kumudzi mu 1994, ambiri a ku ofesi anaitanidwa, iye anasankha kutsala. Anapeza ntchito yoyendetsa minibasi ya nyumba yosungira okalamba ku Manassas, komwe Enelesi ankagwira kale ntchito yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Cynthia, anali pa yunivesite ku College Park. Alois sanamuiwale. Khirisimasi iliyonse pankabwera khadi ya chithunzi cha mapiri oyera, kumbuyo kwake mawu omwewo: bwera, matabwa ako ndikusungira. Ndipo Ludoviko anali atatsimikiza kuti Febuluwale wa 1995 apita. Tchuthi anapempha, pasipoti anakonzetsa, jekete yatsopano anagula n'kumaiyesa pagalasi ngati mkwati.

Tsopano muyenera kumudziwa Enelesi, apo ayi zotsatirazi muziona ngati uchitsiru. Enelesi anali mayi wa maliro. Kunyumba ya okalamba kuja, nkhalamba yopanda m'bale ikamwalira, ena ankangosintha nsalu za pabedi n'kudikira yolowa m'malo. Enelesi ayi. Ankafunsa tsiku loika, kusinthana shifiti ndi mnzake, n'kukaima pamanda, nthawi zina awiriwiri ndi m'busa basi. Kukagwa zovuta kwa Mmalawi ku Baltimore, kaya kwa Mzambia ku Arlington, woyamba kugogoda anali iye, m'chikwama muli chitenje chake chakuda cha madontho oyera. Ankavula nsapato pakhomo, kumanga chitenjecho, n'kukhala pansi pakapeti miyendo atatambasula, ngakhale mipando ili mbwee. Achinyamata okulira kuno akamukokera mpando, ankangowayang'ana kamodzi, mpando n'kubwerera. Kwa iye, munthu wofa osaliridwa chinali chinthu chonyansa kuposa imfa yeniyeniyo.

Mu Novembala 1994 mapazi ake anayamba kutupa. Iye ankati ndi kuimirira. Madokotala atamuyeza anati impso zonse ziwiri zasiya ntchito. Kuyambira pamenepo moyo wake unakhala wa pa makina otsuka magazi, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, maola anayi tsiku lililonse, ndipo madzi akumwa ankachita kumuyezera m'kapu. Ludoviko anapereka mkono kuti amuyeze, magazi sanagwirizane. Cynthia anati atenge yake, Enelesi anakana kwamtuwagalu. "Sunabereke n'komwe iwe," anatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiye anamulemba pamndandanda wa odikira impso ya munthu womwalira. Namwino woona za mndandandawo, mayi wamtali wodekha dzina lake Gwendoline, anawapatsa kachida kakang'ono kakuda kotchedwa bipa, kokoleka m'chiuno. Malamulo ake anali atatu. Kakalira, Enelesi mwini wake aimbe foni ola lisanathe. Akaimba, afike kuchipatala mu Washington pasanathe maola atatu. Akachedwa, impsoyo ipita kwa wotsatira, chifukwa siidikira munthu. Kakhoza kulira mawa, kakhoza kulira patatha zaka zinayi. "Chachikulu musatalikire," anatero Gwendoline.

Ludoviko analembera Alois kuti chaka chino zakanika. Matabwa anawatsitsira m'chipinda cha pansi, jekete yatsopano ija anaipachika ndi pepala lake la kusitolo. Sanadandaule, koma nyumba inachepa. Nyengo yozizira yotsatira itafika, ankangoti kukhitchini, pabalaza, pawindo, kukhitchini.

"Bambo a Cynthia, mukundizunguza mutu," anatero Enelesi Loweruka lina. "Mukungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Wodwala ndine, osati inu. Katulutseni matabwa anu."

"Ndipite ndikusiyeni ndi ndani?"

"Ndani wati mundisiye? Kulibe mpando kuphiriko?"

Apa m'pamene udalaivala unagwira ntchito. Anayala mapu patebulo, anadula ulusi wotalika maola awiri, anaukhoma pa chipatala ndi chala, n'kuuzunguza. Mapiri a mayina otchuka onse anatsala kunja. M'kati munatsala kaphiri kaja. Sanakhutire. Anapita ndi bipa, n'kupempha mnzake wa kuntchito, Mzambia wina wa nthabwala dzina lake Chileshe, kuti aziimba nambala ya bipayo mphindi khumi zilizonse kuchokera ku Manassas. Anapeza kuti pamwamba pa phiri ndi kuseri kwake kachidako sikamva kanthu, koma m'nyumba yopumuliramo ya patsinde, pawindo loyang'ana khonde, kamalira bwinobwino.

"Ba Ludo, imwe mufuna chabe kutifera mu sino," anatero Chileshe Lolemba lake, akunena chipale chija. "Manje mukatyoka mwendo, azapeleka ba mayi ku chipatala ni ndani?" Funso limenelo Ludoviko sanaliseke. Kuyambira tsikulo anasiya mitsetse yoopsa, n'kumatsika mwaulemu ngati wanyamula mazira.

Anapangana chonchi. Enelesi azikhala pawindo lija, bulangeti pamiyendo, bipa m'manja. Kakalira, atuluke pakhonde n'kupachika chitenje chachikasu pa chitsulo cha m'mphepete. Pakati pa mtsetse panali pokhota pamene khondelo limaoneka lonse, ndipo Ludoviko potsika paliponse ankaponya maso pamenepo. Chikasu pa chipale chimaoneka ngakhale kwa munthu wa maso okalamba.

Nyengo imeneyo inawakomera, ndinene mosabisa. Enelesi ankati ndi malo okhawo amene palibe womufunsa kuti mwadzuka bwanji ndi nkhope ya chisoni. Ankayamwa kachidutswa ka ayisi, n'kumaseka azungu akugwa. Ludoviko nayenso anapeza kuti pa chulupo sanali yekha womangidwa mwendo. Anthu amakwera phirilo pa mipando yolendewera pa chingwe, awiriawiri, ndipo pampando pamenepo munthu amakhuthula za kukhosi podziwa kuti pakatha mphindi zisanu ndi zitatu musiyana. Anakwerapo ndi msilikali wa ku Arlington amene sankaloledwa kutalikira ofesi. Anakwerapo ndi bambo wina wosudzulidwa amene ankaona ana ake Loweruka lokha, ndi mayi wina amene amayi ake anali atasokonekera mutu ndipo wowasamalira ankaweruka nthawi ya chakudya cha madzulo. Onsewo ankadziwa kuti kuli mapiri okongola kuposa ili, ena anapitako kale. Anabwera kuno chifukwa dzuwa likamalowa ankafunika pakhomo.

Zinthu zinaipa mu Juni 1996. Anapita kukaonana ndi Gwendoline monga mwa nthawi zonse, ndipo namwinoyo, akutsegula faelo, anafunsa mofatsa kuti kodi bipa ija ikugwira ntchito. Anati pa 17 Epulo, nthawi ya masana, anaimba katatu. Panali impso yogwirizana bwino kwambiri. Atadikira ola osamva kanthu, anaipereka kwa wina.

Ludoviko anatembenuka kuyang'ana mkazi wake. Enelesi anali atazolika, akupinda m'mphepete mwa mpango wake. Sananene kuti batire inatha. Enelesi sankanama.

Anakwera galimoto kubwerera kunyumba. Atafika pa malo oimika magalimoto a sitolo ina, Ludoviko anapatuka n'kuzimitsa injini.

"Munakamva?"

"Ndinakamva."

"Ndiye?"

"Ndinakaika m'kabati, pansi pa matawulo."

"Amake Cynthia, mukufuna kufa?"

"Sindikufuna kufa." Kenako anafunsa, "Impsoyo imachokera kuti, bambo a Cynthia? Mumaganizapo? Kachida aka kakalira ndiye kuti kwinakwake kwagwa maliro. Pali mayi amene wangouzidwa kumene, pali ana. Ine nditenge chikwama, ndithamange, nkhope ili mwee, kukatenga chiwalo cha mwana wa eni. Osakhuza, osapepesa, osakhala nawo pansi ngakhale mphindi imodzi. Ndinawafunsa a Gwendoline. Akuti dzina sanena, kwawo sanena, tsiku loika sanena. Ndine fisi ine? Kwathu munthu wopindula ndi mtembo ali ndi dzina lake, inu mukulidziwa."

"Kuno si kwathu. Eniakewo apereka okha, asainira."

"Ndiye n'chifukwa chake zikundiwawa. Iwo m'kati mwa misozi akumbuka ine, ine osawaonetsa ngakhale nkhope."

Ludoviko anapsa mtima tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse la ukwati wawo, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha okhaokha. Ananena mawu oipa. Anati zaka zonsezi wakhala akulira anthu osawadziwa, tsopano akufuna kuti iye ndi Cynthia alire wodziwika. Atafika kunyumba anatenga bipa ija n'kuikoleka pa lamba wake. Enelesi sanalimbane naye.

Miyezi inapita, kachidako kali chete pachiuno cha mwamuna. Enelesi ankachepa. Khungu linada n'kuyamba kuyabwa, masitepe asanu a pakhomo ankapumira pakati. Ntchito anali atasiya kale, koma maliro sanasiye. Ankapita atatsamira mwamuna wake, kukhala pansi, n'kudzafuna anthu awiri omudzutsa. M'nyumba ankalankhulana za mankhwala ndi za nyengo basi.

Disembala atafika, makina anayamba kupopera chipale kuphiri kuja, koma matabwa anakhalabe pansi. Chifukwa chake chinali chapafupi: pamwamba bipa simva. Kuti akwere, anayenera kuisiya m'manja mwa Enelesi.

"Mundibwezere kachida kanga," anatero Enelesi m'mawa wina wa mu Januwale, akumuona akupukuta nsapato za siki zimene sankapita nazo kulikonse. "Mwandilanda ngati mwana wolandidwa mpeni. Ngakhale kalire pachiuno panu, woimba foni ndine. Mudzanditsegula pakamwa ndi supuni?"

"Mundilonjeze kuti mudzapachika chitenje."

"Sindingalonjeze chimene sindikuchidziwa. Chimene ndingalonjeze n'chakuti sindidzakubisiraninso."

Linali lonjezo loperewera, ndipo Ludoviko anadziwa. Koma anadziwanso kuti mkazi wake akunena zoona, kuti impso sungamuike munthu ngati jakisoni wa ng'ombe. Anamasula bipa pa lamba n'kuipereka ndi manja awiri. Loweruka limenelo anabwerera kuphiri. Koma kutsetsereka kunali kutatha kukoma. Pokhota paja ankayang'ana khonde mtima uli m'mwamba, ndipo chitsulo chikakhala chopanda kanthu sankadziwanso ngati ndi chifukwa choti sikanalire.

Loweruka lachiwiri la Febuluwale 1997 kunacha bwino, kumwamba kuli mbee, kozizira koluma makutu. Chakumasana, akutsika kachisanu ndi chimodzi, anafika pokhota paja n'kuponya maso. Chitsulo chinali chopanda kanthu. Koma pakhondelo, pansi pamatabwa ake, panali chinthu chakuda, ndipo anthu ankachilambalala. Anaiwala mazira aja. Analunjika pansi ngati mnyamata.

Enelesi anali atakhala pansi panja, pamatabwa ozizira, miyendo atatambasula. Anali atamanga chitenje chakuda cha madontho oyera pamwamba pa jekete, mpango kumutu. Bipa anaiika patsogolo pake, poonekera. Mayi wogulitsa khofi anali ataima chapatali ndi mpando m'manja, atasowa chochita.

Ludoviko anamasula matabwa, anakwera masitepe ndi nsapato zolemera zija, n'kutola kachidako. Kanalira 11:05. Wotchi yake inkati 11:31.

Mutu wa dalaivala unayamba kuwerengera wokha. Foni ili m'kati, pafupi ndi chimbudzi, masitepe makumi awiri. Mkaziyu tsopano sankalemera kanthu, akanatha kumunyamula ngati mtolo wa udzu, kumuimika pafoni, kumuika cholankhulira pakhutu. Akanatha kukuwa, kugwada, kutchula dzina la Cynthia. Anatsegula pakamwa kuti ayambe. Kenako anamuyang'anitsitsa. Enelesi sanali kubisala, ndipo sanali kukana. Anali pa maliro, yekhayekha, pakati pa anthu ovala zofiira ndi zobiriwira amene ankadya masangweji. Ndipo m'zaka makumi atatu za ukwati wawo, Ludoviko anali asanamuonepo atadzuka pa maliro mwambo usanathe.

Anavula chipewa. Anatsika sitepe imodzi, anakhala pansi chapambali monga amachitira amuna, n'kuomba m'manja mofatsa katatu, magolovesi atavula.

"Pepani, amake Cynthia. Tamva kuti kwagwa zovuta."

Enelesi anadzutsa mutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuona ngati akumunyoza.

"Zagwadi, bambo," anayankha.

"Watisiya ndani?"

"Sananene. Koma ndi mwana wa munthu."

Atangotero analira. Sikunali kulira kwa kuchipatala kobisa m'mpango, kunali kulira kwa kumudzi, kotsika ndi kukwera, kwa mawu, ngakhale mphamvu zinali zochepa. Ankamuitana womwalirayo kuti mwana wanga, m'bale wanga, wapita bwanji m'mawa wokongola chonchi, wasiya ndani pakhomo. Chiyambire matenda ake Ludoviko anali asanamuonepo akugwetsa misozi yotere. Anthu anasiya kutafuna. Bambo wina wa ndevu, osadziwa n'komwe chimene chikuchitika, anavula chipewa chake.

Kulira kutatsika, Ludoviko anakonza kukhosi. Pa maliro pamafunika wolankhula, ndipo panalibe wina. Sanayang'ane mkazi wake, anayang'ana kumunsi, kumene kuli misewu ndi matauni.

"Inu anamfedwa, kumene muliko," anayamba. "Ife ndife a Namakhwa, kwathu ndi ku Phalombe, kuno tinabwera ndi ntchito. Simutidziwa, ifenso sitikudziwani, koma uthenga watipeza ndipo tabwera kudzakhuza. Mwana wanuyo sitinamudyetsepo, sitinamutumepo, dzina lake sitinalimvepo. Koma inu, mtembo usanazizire, mwakumbuka odwala. Chimene mwaperekacho sitinabe, ndipo imfayi sitinaipemphere. Ngati mayi awa alola, tikachilandira ndi manja awiri, ndipo tidzachisunga ngati m'bale wobwera kudzakhala pakhomo. Maliro awa ndi athunso. Sitidzawasiya. Pepani, pepani ndithu."

Anaombanso m'manja katatu.

Ludoviko amanena mpaka lero kuti chinthu chovuta kwambiri chimene anachitapo pa moyo wake si kutsika mapiri a ku Austria. Ndi kukhala pa sitepe ija, wotchi ili pamkono, osaiyang'ana. Ankaimva ngati ikumuwotcha. Mipando ya pachingwe inkakwera, inkatsika. Mwana wina ankalirira chokoleti. Enelesi anali atatsinzina, milomo ikuyenda.

Kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Ndidzutseni," anatero.

Anamudzutsa. Enelesi sanalunjike kuchitseko. Anatsegula chikwama, anatulutsa chitenje chachikasu, anayenda pang'onopang'ono mpaka pa chitsulo chija, anachiyala bwinobwino, n'kumanga mfundo kuti mphepo isachitenge.

"Ine ndili pompano kale," anatero Ludoviko.

"Tinapangana choncho," anayankha.

Anaimba foni nthawi ili 11:57. Ludoviko anamva mawu ake ali phee, ngati akuitanitsa mankhwala. "A Gwendoline, ndine Enelesi. Pepani ndachedwa, ndinali pa maliro. Tikubwera."

Nsapato za siki suyendetsa nazo galimoto, ndipo zake zenizeni anaziiwala m'kati. Anayendetsa ndi masokosi mpaka mu Washington, ola limodzi ndi mphindi makumi asanu, osadumpha loboti ngakhale imodzi, poti dalaivala ndi dalaivala. Matabwa anawasiya atazikidwa m'chipale. Chileshe ndiye anapita kukawatenga Lachiwiri lake, ndipo anapeza chitenje chija chikadali pa chitsulo, chitauma gwa ndi kuzizira. Ogwira ntchito pamenepo anati anaopa kuchichotsa.

Impso inagwira. Panali masabata ovuta, malungo, mankhwala odzaza mbale, koma inagwira. Tsiku loyamba limene anamuuza kuti amwe madzi mmene angafunire, Enelesi anamwa makapu atatu motsatizana n'kulira. Za womwalirayo anangouzidwa kuti anali mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Enelesi anaitana Cynthia kuti amulembere kalata ya Chingerezi yopita kwa anamfedwa kudzera kuchipatala, yopanda dzina monga mwa lamulo. Cynthia analemba, anafufuta, analembanso, akudandaula kuti mawu oti kukhuza sakuwapeza m'Chingerezi. Kalatayo inapita. Yankho silinabwere, ndipo Enelesi sanadabwe. Anati namfedwa sayankha makalata.

Pofika kumapeto kwa 1998 madokotala anati akhoza kuyenda kulikonse kumene angafune. Bipa anali atabweza kalekale. Khirisimasi imeneyo khadi ya Alois inabwera ndi zilembo zonjenjemera: ndakalamba, bwera Febuluwale uno chipale chikadali chabwino. Ludoviko anaiwerenga kawiri, anaiika pafiriji, n'kuiyang'ana sabata yathunthu. Ankafuna kupita, tisanamizane. Mapiri aja ankawalota. Enelesi anamuuza kuti apite, wadikira mokwanira. Iye anakhala pansi n'kulemba kuti abwera mu Julaye, mapiri ali obiriwira, adzamwe khofi limodzi, koma Febuluwale sangathe chifukwa pakhomo pali maliro. Analonjeza pamaso pa anthu, ndipo munthu wolankhula pa maliro sabweza mawu.

Ndiye Loweruka lachiwiri la Febuluwale 1999 anamangiriranso matabwa pagalimoto. Potuluka m'tauni anaima pothira mafuta, ndipo anakumana ndi mkulu wina wa ku ofesi ya kazembe, a Oliver, mmodzi wa oseka aja. A Oliver anasuzumira pawindo, anapereka moni, anayamikira mmene Enelesi wanenepera, kenako anayang'ana matabwa aja n'kupukusa mutu.

"Koma mayi, mwachira tsopano, dziko lonse latseguka. Bwanji osawauza akuluwa akuonetseni mapiri enieni? Kuchulu kuja mukukatengako chiyani?"

Enelesi anali atafungatira chikwama pamiyendo, nsonga ya chitenje chakuda ikuonekera pa zipi.

"Ndili ndi m'bale wanga, bambo," anatero. "Manda ake sindiwadziwa. Koma pamene ndinamulirira ndikupadziwa."

A Oliver anachotsa dzanja pawindo. Ludoviko analiza injini, nakhotera kumsewu wa kumpoto.